Foni Ikati "Wadya Kwambiri": Sayansi ya Ma App Ochepetsa Thupi

Tiyerekeze kuti ndi Loweruka madzulo, nthawi ya holide. Mtsikana wa Fomu 3 wabwereka foni ya achemwali ake, wagula kabandulo ka tsiku limodzi, ndiye akungoyendetsa chala pa TikTok. Pakati pa magule ndi nthabwala pakutulukira kavidiyo ka mtsikana wina wa kunja. M'chithunzi choyamba ndi wojintcha, nkhope ili ndwii. M'chachiwiri waonda, akumwetulira mano onse pamtunda. M'munsimu alembamo kuti zonsezi zatheka m'masiku 30 okha, chifukwa cha app inayake.

Mtsikana wathu uja akukumbukira kuti sabata yotsekera sukulu mnzake wina anamuseka kuti siketi ya yunifomu yayamba kumuthina. Basi akudina.

App ikumufunsa zinthu zochepa: zaka zake, kutalika, kulemera, ndi makilogalamu amene akufuna kutsitsa. Pa zaka akulemba 18 ngakhale ali ndi 16, chifukwa app yakana kulembetsa mwana. Isanathe n'komwe mphindi imodzi, yankho labwera: "Uzidya makalori 1,200 patsiku."

Taimani kaye pomwepo. Nambala imeneyi yachokera kuti? Foni yadziwa bwanji zimene thupi la mtsikanayu likufuna, pomwe sinamuonepo, sikudziwa kuti amayenda mtunda wautali popita kusukulu, ndipo sikudziwa kuti akukulabe? Lero tiisenda app imeneyi ngati chinangwa, tione zimene zili m'kati.

Bizinezi yakale, chovala chatsopano

Kugulitsa njira zochepetsera thupi sikudayambe ndi foni ayi. Mu 1963 mayi wina wa ku New York, Jean Nidetch, adakhazikitsa kampani ya Weight Watchers. Chiyambi chake chinali chophweka: amayi ankakumana kunyumba kwake sabata iliyonse, n'kumakambirana za kadyedwe ndi kulimbikitsana. Patapita zaka, bizineziyi idalowa pa intaneti, kenako idalowa m'thumba mwa munthu aliyense wokhala ndi foni.

MyFitnessPal idayamba mu 2005, Noom mu 2008, zonse ku America. Mu 2015 kampani ya zovala zamasewera ya Under Armour idagula MyFitnessPal pa mtengo wa madola 475 miliyoni. Ndalama imeneyo ikuuzeni kanthu: awa si mabungwe achifundo, ndi malonda.

Ma app ambiri amagwira ntchito mofanana. Mumalemba chilichonse chimene mwadya, app n'kuwerengetsa makalori. Imawerenganso mapazi amene mwaponda. Ena amagawa zakudya m'mitundu ngati maloboti apamsewu, zobiriwira idyani, zachikasu samalani, zofiira pewani. Ena amakupatsani mlangizi wolemberana naye mauthenga, kapena gulu la anzanu. Ndipo onse amakutumizirani tizikumbutso kuti musaiwale kubweranso mawa.

Kalori n'chiyani kwenikweni?

Kalori si chinthu chonenepetsa chobisala m'chakudya, monga ena amaganizira. Ndi muyezo wa mphamvu basi, monga mita ili muyezo wa kutalika. Kalori imodzi yolembedwa pa paketi ya chakudya ndi mphamvu yokwanira kutenthetsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Kwa inu a Fizikisi, ndi pafupifupi 4.2 kJ.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, katswiri wa ku America Wilbur Atwater adapeza manambala amene tikugwiritsabe ntchito lero. Galamu imodzi ya zakudya zokhutitsa, monga sitachi ya mu nsima, imapereka makalori 4. Galamu ya mapuloteni imapereka 4. Galamu ya mafuta imapereka 9.

Nanga mphamvuyi imapita kuti? Apa ambiri amadabwa. Gawo lalikulu, pakati pa 60 ndi 70 pa 100 iliyonse, limatha ngakhale mutangogona pamphasa tsiku lonse. Mtima ukupopa magazi, mapapo akupuma, impso zikusefa, chiwindi chikugwira ntchito, thupi likusunga kutentha kwake. Ubongo wokha, umene kulemera kwake ndi pafupifupi 2 pa 100 ya thupi lonse, umadya pafupifupi 20 pa 100 ya mphamvu imene thupi limagwiritsa ntchito popuma. Ndiye mukamaloweza manotsi a MSCE, dziwani kuti pali makina amene akufuna mafuta.

Tiyeni tiwerenge masamu a app

Ma app ambiri amagwiritsa ntchito fomula imene akatswiri Mifflin ndi St Jeor adatulutsa mu 1990. Ya akazi ili motere:

(10 × kulemera mu kg) + (6.25 × kutalika mu cm) − (5 × zaka) − 161

Tinene kuti mtsikana wathu amalemera makilogalamu 58, ndi wotalika masentimita 160, ndipo walemba zaka 18. Tengani cholembera: 580 + 1,000 − 90 − 161 = 1,329. Amenewa ndi makalori amene thupi lake lingafune litangogona osachita kanthu.

Koma iye sangogona. Amayenda kupita kusukulu, amatunga madzi, amachapa, amasewera netibo. App imachulukitsa nambala ija ndi 1.55 kwa munthu wotakataka pang'ono, yankho n'kukhala pafupifupi 2,060. Kenako imachotsera. Ngati wasankha kutsitsa theka la kilogalamu pa sabata, imachotsa 500 patsiku. Ngati wasankha liwiro, pafupifupi kilogalamu yathunthu pa sabata, imachotsa 1,000. Zikatero patsala 1,060. Popeza ma app ambiri salola mkazi kutsika kupitirira 1,200, imangomupatsa 1,200 yomweyo.

Mwaona? Palibe matsenga, palibenso dokotala m'katimo. Ndi kuphatikiza, kuchulukitsa ndi kuchotsera kwa ku pulayimale.

Tsono taonani mavuto awiri. Loyamba, 1,200 ndi yochepa kuposa 1,329 imene thupi lake limafuna likangogona. Malangizo a kadyedwe a boma la America amati mtsikana wazaka 14 mpaka 18 amafuna makalori pakati pa 1,800 ndi 2,400 patsiku. Pa malangizo omwewo, 1,200 ndi muyezo wa kamwana ka zaka zitatu kapena zinayi. Lachiwiri, fomula ija idachokera pa kuyeza anthu 498 a ku America, azaka 19 mpaka 78. Panalibepo mwana wasukulu ngakhale mmodzi. Mulibe gawo la mphamvu yokulira, chifukwa anthu amenewo anali atakula kale.

App imadziwa nsima?

Ngakhale kwa munthu wamkulu, manambala a app ndi ongoyerekeza. Zakudya zambiri zimene zili mu MyFitnessPal zidalembedwamo ndi ogwiritsa ntchito anzanu, ndipo si zonse zimene zidatsimikizidwa. Mukalemba kuti "nsima", app idziwa bwanji ngati ndi ya mgaiwa kapena ya ufa woyera? Chipande cha agogo anu ndi cha kuboding'i n'zofanana? Nkhwani wotendera wathiridwa nsinjiro zochuluka bwanji? Usipa wokazinga wamwa mafuta angati? Ngakhale chakudya cha m'paketi ku America, lamulo limalola kuti nambala yolembedwayo iphonye mpaka ndi 20 pa 100.

Mawotchi owerenga makalori nawo ali chimodzimodzi. Mu 2017 akatswiri a ku Stanford University adayesa zipangizo 7 zovala pamkono pa anthu 60. Kugunda kwa mtima zambiri zinkayeza bwino ndithu. Koma pa makalori owotchedwa, chipangizo cholondola kuposa zonse chinkaphonya ndi 27 pa 100, ndipo chotsalira kwambiri chinkaphonya ndi 93 pa 100.

Nanga za mapazi 10,000 patsiku? Nambala imeneyi sidachokere mu labu. Idachokera ku dzina la kachipangizo kowerenga mapazi kamene kadayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1965, kotchedwa Manpo-kei, kutanthauza chowerengera mapazi 10,000. Kuyenda n'kwabwino, palibe akutsutsa, koma nambalayo inali yotsatsira malonda.

Pali muyezo winanso umene app imakonda, wa BMI. Mumatenga kulemera kwanu mu kg, n'kugawa ndi kutalika kwanu mu mita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Kwa mtsikana wathu: 58 ÷ 2.56 = 22.7. Kwa akuluakulu, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndi pabwino. Choncho mtsikanayu alibe vuto lililonse la kunenepa, komabe app yamulandira ndi manja awiri. Dziwaninso kuti masamu a BMI adayambitsidwa m'zaka za m'ma 1830 ndi Adolphe Quetelet wa ku Belgium, katswiri wa masamu ndi nyenyezi, amene ankaphunzira za magulu a anthu, osati kuyeza wodwala mmodzi. BMI sisiyanitsa mnofu, fupa ndi mafuta. Ndipo kwa azaka 5 mpaka 19, WHO ili ndi matchati apadera oyendera zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Amene amadziwa kuwawerenga ndi achipatala.

Koma kodi zimagwira ntchito?

Funso limeneli sayansi idaliyesa, makamaka pa akuluakulu onenepa kwambiri.

Mu 2014 akatswiri a ku Los Angeles adatenga anthu 212 n'kuwagawa pawiri. Gulu lina adalithandiza kuika MyFitnessPal pa foni, lina ayi. Patatha miyezi 6, panalibe kusiyana kwenikweni pa kulemera kwa magulu awiriwo. Ambiri adaikonda app, koma mwezi woyamba utangotha adayamba kuiiwala.

Mu 2016 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wina wa ku University of Pittsburgh. Munali anthu pafupifupi 470 azaka 18 mpaka 35, ndipo atatu mwa anayi aliwonse anali akazi. Onse adalandira uphungu wa kadyedwe ndi masewera. Patatha miyezi 6, theka adapatsidwa kachipangizo kovala pamkono. Mukuganiza kuti adapambana ndani? Patatha zaka ziwiri, ovala kachipangizo adatsitsa makilogalamu 3.5, pomwe opanda kachipangizo adatsitsa 5.9. Eya, simunawerenge molakwika.

Tisanene kuti ma app ndi achabechabe. Akatswiri ena mu 2015 ataphatikiza zotsatira za makafukufuku 12 adapeza kuti ogwiritsa ntchito app ankatsitsa pafupifupi kilogalamu imodzi kuposa anzawo. Kwa munthu wamkulu amene dokotala wamuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha shuga kapena BP, kulemba zimene wadya kumamuthandiza kuona zizolowezi zake. Koma kilogalamu imodzi ndi yosiyana kutalitali ndi zithunzi za masiku 30 zija. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Thupi silingokhala chete

Mwina mufunsa kuti, "Nanga bwanji mnzanga anatsika makilogalamu awiri sabata yoyamba yomwe?" Yankho lili mu Bayoloje. Thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu mumtundu wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa limodzi ndi magalamu pafupifupi atatu a madzi. Mukasiya kudya mokwanira, thupi limayamba kudya nkhokwe imeneyi, madzi aja n'kutuluka ngati mkodzo. Sikelo imatsika, mtima n'kusangalala, koma chachoka kwambiri ndi madzi. Mukadyanso bwino amabwerera.

Njala ikapitirira, thupi limaganiza kuti kunja kwagwa chilala. Silidziwa kuti ndi app. Homoni ya leptin, imene idapezeka mu 1994 ndipo imapangidwa ndi mafuta a m'thupi, imatsika, ubongo n'kumva kuti nkhokwe yatsala pang'ono. Homoni ya ghrelin, yochokera m'mimba, imakwera n'kumakuwa kuti "njala!" Thupi limachepetsanso mphamvu imene limawotcha, ngati mayi wochepetsa makala pambaula kumapeto kwa mwezi.

Umboni wake ulipo. Ku America kunali pulogalamu ya pa TV ya The Biggest Loser, imene anthu ankapikisana kuonda mwachangu. Akatswiri motsogozedwa ndi Kevin Hall adatsatira opikisana 14 kwa zaka 6. Mu 2016 adalengeza kuti pafupifupi onse adanenepanso, ndipo matupi awo ankawotcha makalori pafupifupi 500 patsiku ochepera pa amene munthu wa msinkhu wawo amayenera kuwotcha.

Njala imasinthanso maganizo. Mu 1944 ndi 1945, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Ancel Keys wa ku University of Minnesota adaphunzira za njala pa anyamata 36 athanzi amene adadzipereka okha. Kwa miyezi 6 ankadya pafupifupi theka la chakudya chawo cha nthawi zonse, makalori pafupifupi 1,600 patsiku. Adataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Koma chodabwitsa chinali m'mutu: ankangoganiza za chakudya, ena ankasonkhanitsa mabuku ophikira, ankapsa mtima msanga, ankamva kuzizira, ndipo ankalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Ataloledwa kudyanso, ena ankadya osatha kudziletsa.

Tangoganizani kulemba mayeso a Masamu mutu uli choncho. Ndipo munthu akalephera kupirira n'kudya kwambiri, si ulesi kapena kufooka mtima. Ndi thupi likudziteteza.

Thupi la mtsikana lili pa ntchito yomanga

Apa ndiye pagona nkhani. Pa nthawi ya kutha msinkhu, homoni ya estrogen imauza thupi la mtsikana kuti lisunge mafuta m'chiuno, m'ntchafu ndi m'mawere. Kulemera kumakwera, siketi ya Fomu 1 imathina pofika Fomu 3. Imeneyi si ngozi, ndi dongosolo la chilengedwe. Koma app ikaona nambala ikukwera, imangoti zinthu zalakwika.

Mafupa nawo akumangidwa. Pofika zaka 18, mtsikana amakhala atamanga pafupifupi 90 pa 100 ya mphamvu ya mafupa imene adzakhale nayo pachimake. Zimene simunamange pano n'zovuta kudzabwezera mtsogolo. N'chifukwa chake tinsomba todyera limodzi ndi minga, monga usipa, matemba ndi bonya, komanso mkaka ndi masamba, n'zofunika kwambiri.

Palinso magazi. Chifukwa cha msambo, mtsikana wazaka 14 mpaka 18 amafuna mamiligalamu 15 a ayironi patsiku, pomwe mnyamata amafuna 11. Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu: kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mkazi mmodzi mwa atatu aliwonse azaka 15 mpaka 49 m'Malawi anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Zizindikiro zake mukuzidziwa: kutopa, chizungulire, mutu, kusinza m'kalasi. Ndiye munthu amene magazi ake ndi operewera kale achepetsenso nyemba ndi ndiwo chifukwa foni yanena?

Mphamvu ikachepa kwambiri, ubongo umatseka ntchito zimene ukuona kuti zingadikire, ndipo msambo umatha kusiya. Ena amasangalala kuti apumula. Ayi, chimenecho ndi chizindikiro choti estrogen yatsika, ndipo mafupa ayamba kufooka.

Kuwerenga kukasanduka ndende

Pali matenda a kadyedwe amene amayamba m'maganizo. Wodwala anorexia nervosa amadzimana chakudya ndi kuopa kunenepa ngakhale ataonda kwambiri. Wodwala bulimia amadya kwambiri nthawi imodzi kenako n'kudzisanzitsa kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba. Anorexia ili m'gulu la matenda a maganizo amene amapha kwambiri.

Kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa mu 1999 adatsatira ana asukulu azaka 14 ndi 15 kwa zaka zitatu. Atsikana amene ankadzimana chakudya kwambiri anali ndi mwayi wodwala matendawa wochuluka ka 18 kuposa anzawo osadzimana. Odzimana pang'ono, ka 5. Mu 2017 akatswiri a ku America adafunsa anthu 105 odwala matendawa. Pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse ankagwiritsa ntchito MyFitnessPal, ndipo 73 pa 100 mwa iwo adati app idathandizira vuto lawo. Monga asayansi, tisamale: izi sizikutsimikiza kuti app yokha ndiyo idayambitsa matendawo. Koma zikusonyeza kuti kwa munthu amene ali pachiopsezo, kuwerenga kalori iliyonse kuli ngati kuthira parafini pamoto.

Mwina mukuti, "Aaa, amenewo ndi matenda a azungu. Kwathu kuno munthu akati wanenepa ndiye kuti akukuyamikira." Tamverani za ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific. Kumenekonso thupi lodzaza linkatamandidwa, ndipo kuonda kunkadetsa nkhawa abale. TV idafika m'dera la Nadroga mu 1995. Dokotala Anne Becker wa ku Harvard adafunsa atsikana asukulu chaka chomwecho, ndipo panalibe amene adati amadzisanzitsa kuti aonde. Atafunsa atsikana a m'sukulu zomwezo mu 1998, 11 pa 100 aliwonse adati amatero. Zaka zitatu zokha, ndipo imeneyo inali TV, osati foni yogona nayo pabedi.

Eni ake a masamba a mchezo akudziwa. Mu 2021 Frances Haugen, amene ankagwira ntchito ku Facebook, adaulula zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Chimodzi chinkasonyeza kuti 32 pa 100 ya atsikana ofunsidwa adati akakhumudwa ndi matupi awo, Instagram inkawonjezera kukhumudwako. Kumbukirani mmene masambawa amagwirira ntchito: mukachedwa pa vidiyo imodzi ya kuonda, kompyuta imalemba kuti mwaikonda, n'kukubweretserani zina khumi. Posakhalitsa mumayamba kuona ngati dziko lonse likuonda kupatula inu. Chikhalirecho zithunzi zambiri zakonzedwa ndi ma filter, magetsi ndi kaimidwe.

Amapindula ndani?

Mu 2019 Weight Watchers, imene idasintha dzina kukhala WW, idatulutsa app ya Kurbo ya ana azaka 8 mpaka 17. Akatswiri ambiri a kadyedwe adadzudzula, pokumbutsa kuti mu 2016 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics lidalangiza kuti achinyamata asamalimbikitsidwe kudzimana chakudya. Mu 2022 boma la America lidalipiritsa kampaniyo madola 1.5 miliyoni pa mlandu wotolera mbiri ya ana osakwana zaka 13 popanda chilolezo choyenera cha makolo, ndipo lidailamula kufufuta mbiriyo.

Chaka chomwecho Noom idavomera kulipira madola 56 miliyoni pothetsa mlandu wa makasitomala amene ankadandaula kuti nthawi yoyeserera ikatha ankangodulidwa ndalama, ndipo kusiya kunali kovuta. Kampaniyo sidavomere kuti idalakwa. Mu 2018, akuba a pa intaneti adaba mbiri ya maakaunti pafupifupi 150 miliyoni a MyFitnessPal. Phunziro lake ndi ili: app ikakhala yaulere, nthawi zambiri mukulipira ndi mbiri yanu ndi maso anu.

Pambali pa ma app pali ogulitsa tiyi ndi mapilisi "osungunula mafuta" pa Facebook ndi pa status ya WhatsApp. Matiyi ambiri otere amakhala ndi senna, chomera chotsegula m'mimba. Chimene chimatuluka ndi madzi ndi mchere wofunika m'thupi, osati mafuta. Mapilisi ena apezekapo ndi sibutramine wobisika, mankhwala amene adachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Majekeseni a semaglutide amene mumawamva ndi mayina a Ozempic ndi Wegovy ndi mankhwala enieni, koma ndi olembedwa ndi dokotala kwa odwala amene awayeza, ndipo mu 2024 WHO idachenjeza kuti kwapezeka achinyengo.

Msika womwewo umagulitsanso zonenepetsa kwa amene akuuzidwa kuti ndi oonda kwambiri. Manyuchi a Apetamin ali ndi cyproheptadine, mankhwala ogonetsa tulo amene angawononge chiwindi, ndipo ndi osaloledwa kugulitsidwa ku Britain ndi ku America. Mwaona kuchenjera kwake? Wonenepa amugulitsa choondetsa, woonda amugulitsa chonenepetsa. Chimene akugulitsa kwenikweni ndi kusakhutira ndi thupi lako.

Ndiye tichite chiyani?

Tisanamizane, kunenepa kopitirira muyezo ndi vuto lenileni la zaumoyo. Kumawonjezera chiopsezo cha shuga, BP ndi matenda a mtima. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja adapeza kuti akazi 21 pa 100 aliwonse m'Malawi anali olemera kupitirira muyezo, makamaka m'matauni. Koma woyenera kunena ngati inu muli m'gulu limenelo ndi namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo amene wakuyezani, osati foni kapena mnzanu wa pa desiki. Paja safunsa adadya phula.

Zimene sayansi imavomereza kwa wachinyamata aliyense, woonda ndi wonenepa yemwe, si zachilendo.

Idyani kuchokera m'magulu onse 6 amene mudaphunzira: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Nsima si mdani. Ingoonetsetsani kuti ndiwo ndi masamba zili ndi malo okwanira m'mbale. Osadumpha chakudya cha m'mawa, chifukwa njala ya masana imakuthamangitsirani ku mandasi ndi chiwaya.

Chepetsani zakumwa zotsekemera. Chitini cha 330 ml cha kola chimakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a shuga, timasupuni 8 kapena 9. WHO imalangiza kuti shuga wotere asapitirire 10 pa 100 ya mphamvu ya tsiku, omwe ndi pafupifupi timasupuni 12 kwa munthu wodya makalori 2,000.

Takatakani mphindi 60 patsiku, monga WHO imalangizira azaka 5 mpaka 17. Kuyenda mwachangu, fulaye, jingo, netibo, kuvina, kulima, zonsezi zimawerengedwa. Gonani maola 8 mpaka 10, chifukwa kusowa tulo kumasokoneza mahomoni a njala aja.

Ndipo app kapena vidiyo iliyonse ikakulonjezani thupi latsopano, ifunseni mafunso a wasayansi. Walemba ndani, ndipo akugulitsa chiyani? Umboni wake ndi kafukufuku kapena ndi zithunzi ziwiri? Adayesa pa anthu a msinkhu wanga? Patatha chaka chimodzi zidatha bwanji? Ikundiuza kusiya gulu lathunthu la zakudya? Mavidiyo amene amakusiyani mukudzida, dinani kuti simukuwafuna. Kompyuta ija imaphunziranso zimenezo.

Pomaliza, yang'aniranani. Ngati inu kapena mnzanu akubisa chakudya, akuthawa nthawi ya kudya, akupita kuchimbudzi akangotha kudya, akudziyeza pasikelo pafupipafupi, akukomoka, tsitsi likuthothoka, kapena msambo wasiya kwa miyezi itatu, musasunge chinsinsi. Uzani mayi, azakhali, matironi, mphunzitsi amene mumamukhulupirira, kapena pitani kuchipatala. Matendawa amachizika, ndipo amachizika bwino akapezeka msanga. Anyamata, nanunso nkhaniyi ikukukhudzani: matendawa amagwiranso amuna, ndipo nthabwala imene mwaponya pa asembule mnzanu amapita nayo kunyumba.

Tibwerere kwa mtsikana wathu. Foni idakali m'manja, nambala ya 1,200 ikumuyang'ana, ndipo kukhitchini amayi akuitana kuti nsima yapsa. Tsopano akudziwa kuti nambalayo ndi ya fomula ya anthu akuluakulu a kutali, yochotseredwa mpaka kufika pa chakudya cha kamwana ka ku mkombaphala. Akudziwanso kuti BMI yake ili bwinobwino, kuti mafupa ake akumangidwa, ndipo chaka chamawa ubongo wake uli ndi MSCE. Siketi ikathina, telala alipo. Abweze foni ya achemwali, asambe m'manja, akadye.